Mwangoboola mlomo? Mafunso ndi mayankho pa kasamalidwe ka bowo ndi ndolo yoyenera kuvala

Awa ndi mafunso amene anthu amafunsa mobwerezabwereza akangoboola mlomo, ena amafunsa ali ndi mantha usiku mlomo utatupa, ena amafunsa atagula kale ndolo yolakwika. Ndayamba ndi osavuta, a zitsulo ndi masaizi ali chapakati, a mavuto ali kumunsi. Ngati mukumva kuti china chake sichili bwino pompano, dumphani mukawerenge kaye funso la mafinya limene lili kumunsi.

Bowo la pamlomo limatenga nthawi yaitali bwanji kuti lipole?

Kwa anthu ambiri ndi masabata 6 mpaka 8, koma ena zimafika miyezi itatu ndipo sikuti pali chalakwika ayi, matupi amasiyana. Chimene chimapusitsa anthu nchakuti bowo limayamba kupola kunja, pakhungu ndi mkati mwa kamwa, pamene pakati penipeni mmene mwadutsa ndolo mukadali chilonda chachiwisi. Ndiye pakatha masabata awiri ululu watha, kutupa kwatha, munthu nkuyesa kuti basi zatheka nkuyamba kusintha ndolo, kenako magazi. Musatero, dikirani nthawi yonse ikwane.

Malo obooledwa alinso ndi gawo lake. Labret, ya pansi pa mlomo wamunsi, ndi Monroe kapena Madonna za mmbali mwa mlomo wamwamba, zimapola mofanana. Medusa, ya pakati pa mphuno ndi mlomo, imatupa kwambiri masiku oyamba. Vertical labret imadutsa mu mlomo weniweniwo osalowa mkamwa, imachedwerapo chifukwa imasuntha nthawi iliyonse mukuyankhula kapena kudya.

Mlomo wanga watupa kwambiri, ndi mmene zimakhalira?

Eya. Masiku atatu mpaka asanu oyambirira mlomo umatupa, umawawa mukaukhudza, pena umatuluka timagazi pang'ono olo kuoneka ngati wabirira. Yamwani tizidutswa ta ayezi wopangidwa ndi madzi oyera, muzisiye tisungunuke tokha mkamwa osatafuna, imwani madzi ozizira pafupipafupi, ndipo pogona ikani mapilo awiri mutu ukhale mmwamba. Chepetsaniko zoyankhula masiku amenewa. Ibuprofen amathandiza pa ululu ndi kutupa komwe ngati thupi lanu limagwirizana naye, koma aspirin mpeweni chifukwa amachititsa kuti magazi achedwe kuuma.

Kutupa koyenera kumakwera masiku oyamba kenako nkumatsika. Kukamakwerabe patatha sabata, kapena ndolo yayamba kukanikiza mbali zonse ziwiri, onani kumunsi funso la kambale kolowa mnyama, kambale ndi kachitsulo kafulati ka ndolo kamene kamakhala mkati mwa kamwa.

Ndizitsuka ndi chani, kangati pa tsiku?

Bowo limeneli lili ndi mbali ziwiri, ndiye kasamalidwe kake nako ndi kawiri.

Kunja: gwiritsani ntchito saline wa mabala, madzi a mchere otsukira zilonda, uja wopopera, amene pabotolo palembedwa 0.9% sodium chloride ndi madzi basi, popanda china chowonjezera. Poperani kawiri pa tsiku, dikirani nkhanambo zifewe, pukutani pang'onopang'ono ndi gozi woyera kapena pepala lopukutira lotaya. Thaulo la kubafa ayi, limasunga majeremusi komanso ulusi wake umakola ndolo. Thonje wamba nalonso limasiya timaulusi pabowo. Saline wa ma contact lens si yemweyu, muli mankhwala ena, musamuike pachilonda. Posamba, lolani madzi oyera adutse pamenepo kuchotsa sopo yense.

Mkati: mukatha kudya kapena kumwa china chilichonse chosakhala madzi, chukuchani mkamwa ndi madzi oyera. Mouthwash wopanda alcohol mutha kumugwiritsa ntchito kawiri pa tsiku, zokwana. Gulani mswachi watsopano wofewa, tsukani mano monga mwa masiku onse koma mosamala mukafika pafupi ndi ndolo. Anthu ena amaopa kutsuka mano sabata yoyamba, kumeneko nkulakwitsa, mkamwa mwauve ndi momwe mumabweretsa mavuto.

Ndipo chachikulu pa zonse, sambani mmanja ndi sopo musanakhudze pamenepo. Nthawi iliyonse.

Nanga nditangosungunula mchere mmadzi ndekha?

Kale anthu ankalangizidwa choncho, koma bungwe la Association of Professional Piercers linasiya kulimbikitsa zimenezi chifukwa ambiri amachulutsa mchere, ndiye khungu limauma, kusweka, bowo nkumachedwa kupola. Ngati saline wogula simungamupeze, ikani kota ya supuni yaing'ono ya mchere wopanda ayodini mu 250 ml ya madzi owiritsa amene azizira mpaka kufunda. Osapitirira pamenepo. Mukalawa asakhale owawa kuposa misozi. Pangani atsopano tsiku lililonse.

Sipiliti, hydrogen peroxide kapena mafuta opaka pabala sizingafulumizitse?

Ayi ndithu. Sipiliti ndi peroxide zimapha majeremusi inde, koma zimaphanso khungu latsopano limene thupi likumanga mkati mwa bowo, ndiye tsiku lililonse mukugumula zimene thupi lamanga usiku. Mafuta opaka amatseka bowo, mpweya sulowa, fumbi limakakamira. Tea tree oil amene anthu amamutama pa intaneti amawotcha khungu la anthu ambiri. Mouthwash wa alcohol naye chimodzimodzi, ndipo olo wopanda alcohol mukamuchulutsa lilime limayamba kuyera kapena kuoneka lachikasu, chizindikiro choti mwapyola muyezo, chepetsani.

Anandiuza kuti ndizizunguliza ndolo kuti isamatirire, ndi zoona?

Sizoona, ndipo malangizo amenewa apweteketsa anthu ambiri. Ndolo yosalala bwino singamatirire ku nyama. Mukamaizunguliza mumakokera nkhanambo ndi litsiro mkati, nkung'amba khungu lanthete lija. Isiyeni. Musaiseweretse ndi lilime, musailume ndi mano, musaionetse anzanu poikankha ndi lilime kuti ituluke. Ndikudziwa kuti nkovuta chifukwa lilime limangopita lokha pamene pali chachilendo, koma chizolowezi chimenechi mukachiyamba sabata yoyamba chimakhala mpaka kale, ndipo ndi chimene chimadzaswa mano.

Ndingadye chani? Nanga mowa ndi fodya?

Masiku oyamba idyani zofewa komanso zozizirirapo, dulani tizidutswa ting'onoting'ono nkumaika mkamwa chakumbali, tafunani mosathamanga chifukwa ndolo yoyamba ndi yaitali ndipo kuiluma mwangozi nkosavuta. Za tsabola, zowawasa, zamchere wambiri ndi zotentha kwambiri zimalasa pachilonda, zisiyeni kwa sabata imodzi kapena awiri. Chingamu ayi, kuluma zikhadabo kapena cholembera ayi. Kapu, supuni, botolo, musabwerekane ndi munthu.

Mowa umawonjezera kutupa ndi kutuluka magazi, dikirani mpaka kutupa kuthe. Fodya ndiye woipa kwambiri pa nkhani iyi, utsi umadutsa pachilonda penipeni komanso nicotine amachepetsa magazi ofika pamenepo, ndiye kupola kumachedwa. Vape nayo ili mgulu lomwelo. Ngati kusiya kwakanika, chepetsani kwambiri ndipo muzichukucha mkamwa mukangomaliza.

Kukisana ndingayambe liti?

Bowo likapola, onani funso loyamba. Malovu a munthu wina ali ndi majeremusi ake amene thupi lanu silinawazolowere, olo akhale wachikondi wanu wa zaka zambiri. Izi zikukhudzanso kugonana kwa mkamwa, chifukwa chilonda chotsegula ndi khomo la matenda. Kusambira mu dziwe kapena mu swimming pool nakonso dikirani.

Chifukwa chani anandiika ndolo yaitali chonchi? Ikungolendewera

Anachita dala ndipo anachita bwino. Kandodo koyamba, mbali ya ndolo imene imadutsa mubowo, kamakhala kakatali, nthawi zambiri 10 mm kapena 12 mm, kuti mlomo ukatupa upeze malo. Akanakuikani kakafupi tsiku loyamba, kutupa kukanameza ndolo yonse.

Koma apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse kuposa pena paliponse patsamba lino. Kutupa kukatha, pakadutsa masabata awiri mpaka anayi, kandodo kakatali kaja kamasanduka mdani. Kamakhula nkhama, kamagunda mano, kamakola pa malaya ndi pa mswachi, mukagona kamapendama mpaka bowo limapola lokhota. Ndiye mukuyenera kubwerera kwa amene anakuboolani akakuikeni kakafupi, ambiri amatsikira pa 8 mm, ena a milomo yopyapyala mpaka 6 mm. Oboola amati downsize. Anthu ambiri sabwerera, amaona ngati ndi njira yongowadyera ndalama, kenako patapita chaka akudandaula kuti nkhama zatsika. Chonde bwererani. Ndipo asinthe ndi woboola, osati inu pagalasi kunyumba, chifukwa pa nthawi imeneyo bowo silinapole, mukavula likhoza kukukanikani kubwezeretsa.

Ndolo yoyamba ikhale ya chitsulo chanji?

Titanium ya implant grade, imene imadziwika ndi nambala ASTM F136, ndiyo yabwino kwa pafupifupi aliyense. Ndi yopepuka, ilibe nickel, chitsulo chimene chimayabwitsa khungu la anthu ena, komanso ndi mtundu wa chitsulo chimene madokotala amaika mthupi la munthu. Imabweranso mmitundu yosiyanasiyana popanda penti, amaisintha mtundu ndi magetsi. Niobium nayo ndi yabwino. Golide ndi wabwino ngati ali weniweni, wa 14k kapena 18k, wopanda nickel. Platinum ndi galasi lopangidwira ntchito imeneyi zilinso bwino.

Steel ya implant grade, ASTM F138, anthu ambiri amavala popanda vuto koma muli nickel, ndiye ngati lamba, wotchi kapena ndolo zotchipa zimakuyabwitsani khungu, steel isiyeni. Samalaninso ndi mawu oti surgical steel olembedwa papaketi popanda nambala iliyonse, mawu amenewo paokha satsimikizira kanthu. Funsani woboola kuti chitsulo chake ndi cha giredi yanji, wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limenelo.

Zoti musaike pabowo latsopano: siliva, chifukwa amada akakumana ndi madzi a mthupi ndipo akhoza kusiya banga lakuda pakhungu losachoka. Zokutidwa ndi golide pamwamba chabe, chifukwa chikutocho chimasupuka nkusiya chitsulo chosadziwika pachilonda. Acrylic, chifukwa imakandika, imasweka ndipo singaphikidwe mu autoclave, makina aja ophera majeremusi ndi nthunzi. Mtengo, fupa ndi nyanga zimamwa madzi, nazonso ayi.

Ndikufuna ring, bwanji akundikakamiza stud?

Stud ya labret ili ndi kambale kafulati mkati mwa kamwa, kandodo kowongoka, ndi kampira kapena kamwala kunja. Imakhala phee, siyendayenda. Ring imazungulira yokha mukamayankhula, imalowetsa nkhanambo mkati, komanso popeza ndi yopindika imakanikiza bowo lowongoka mbali ziwiri. Kuti ring ipereke malo a kutupa iyenera kukhala yaikulu, ndiye imalendewera nkumakola paliponse. Alipo oboola amene amayamba ndi ring ndipo zimapola, koma njira yosavuta ndi stud kaye, ring ikubwera bowo likapola bwinobwino. Kwa Monroe, Madonna ndi Medusa ndi stud basi. Vertical labret imavala kandodo kopindika ka timipira tiwiri.

Ngati mukudziwa kuti cholinga chanu ndi ring, muuzeni woboola asanaboole, chifukwa kutalika kwa bowo kuchokera pa mlomo ndi kumene kumadzalamula kukula kwa ring yanu.

Manambala awa a 16g ndi 14g akutanthauza chani?

Ndi kunenepa kwa kandodo. 16g ndi 1.2 mm, 14g ndi 1.6 mm, ndiye nambala ikakula kandodo kamachepa, zimasokoneza anthu ambiri. Milomo yambiri imabooledwa pa 16g kapena 14g. Mukavala yoonda kuposa bowo lanu, bowo limafota kutsatira ndoloyo, ndipo yoonda kwambiri imadula nyama ikakokedwa. Mukakakamiza yonenepa mung'amba. Pogula mumafunika manambala awiri, kunenepa ndi kutalika, kapena kukula kwa mkati ngati ndi ring. Funsani woboola akuuzeni anu, muwalembe mu foni.

Internally threaded, externally threaded, threadless, kusiyana kwake nkotani?

Nkhani yake ndi ya mazinga. Externally threaded ili ndi mazinga pa kandodo penipeni, ndiye povala ndi povula mazinga aja amadutsa mubowo nkumapala khungu, ndipo zambiri zotchipa zimakhala zotere. Internally threaded mazinga ali mkati mwa kandodo, kunja nkosalala, kampira ndi kamene kali ndi kawaya ka mazinga. Threadless ilibe mazinga konse, kumutu kuli kawaya kopindika pang'ono kamene mumangokankhira mkati nkugwira. Pabowo latsopano sankhani ziwiri zomalizazi.

Za mazinga zimamasuka zokha pang'onopang'ono, ndiye mukasamba mmanja muzionako ngati kampira kali kolimba, makamaka musanagone.

Ndolo ya pamlomo imaononga mano ndi nkhama?

Ikhoza, ndipo sindikufuna kukunamizani. Kambale kamkati kakamakhula nkhama tsiku ndi tsiku, nkhama zimatsika nkusiya muzu wa dzino pamtunda, dzino nkumachita zizi mukamwa zozizira. Nkhama zikatsika sizimeranso zokha, zimafuna dokotala wa mano kuti azikonze. Dzino likabenthuka chifukwa choluma chitsulo, nalonso silibwerera. Bowo mutha kulitseka nkuboola lina, koma dzino ndi lomwelo.

Chimene chimachepetsa ngozi: bowo liikidwe pamalo oti kambale kasatsamire pa nkhama, kandodo kakhale ka saizi yanu monga ndafotokozera pa funso la ndolo yaitali, kambale kakhale kosalala, ndipo musiye kuseweretsa. Kamodzi pa mwezi kokani mlomo pagalasi muone nkhama za kumbuyo kwa ndolo, muyerekeze ndi za mano oyandikana. Zikayamba kutsika olo pang'ono, pitani kwa woboola aone saizi, ndipo kwa dokotala wa mano muzipita monga mwa nthawi zonse. Zikapitirira ngakhale mwasintha, vulani. Ndolo zapulasitiki zofewa anthu amati sizivulaza nkhama, koma nazo zimakhula ngati saizi ndi yolakwika.

Kambale kamkati kamachitanso litsiro lolimba ngati la pamano, bowo likapola muzikatsuka ndi mswachi.

Pakutuluka zoyera zimene zikuuma pa ndolo, ndi mafinya? Ndadwala?

Nthawi zambiri ayi. Bowo likamapola limatulutsa timadzi toyera kapena tachikasu pang'ono, tikauma timapanga nkhanambo pa ndolo, tilibe fungo loipa. Mkati mwa kamwa mutha kuona kabwalo koyera kuzungulira kambale, ndi mmene chilonda cha mkamwa chimaonekera popeza sichiuma. Zonsezi nzabwinobwino, fewetsani ndi saline, osatokosa ndi chikhadabo.

Matenda enieni amaoneka chonchi: ululu ukukula mmalo mochepa, pamalopo pakutentha ndi kugunda, kufiira kapena kuda kukufalikira, mafinya okhuthala achikasu kwambiri kapena obiriwira onunkha, thupi kutentha, kuzizidwa, mwanabere mkhosi. Mukaona zimenezi pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kutupa kukafika pachibwano kapena pakhosi mpaka kumeza kapena kupuma kukuvuta, imeneyo ndi ngozi, thamangani osadikira kuche.

Musavule ndolo nokha mukaganiza kuti pali matenda. Mukavula, kunja kumatseka, mafinya nkutsekeredwa mkati nkupanga chithupsa. Adokotala ndi amene anene ngati ichoke. Ndipo musamwe ma antibiotic otsala a munthu wina.

Kambale kamkati kakulowa mnyama, nditani?

Pali ziwiri. Bowo likakhalitsa, kambale kamapanga kadzenje kake kosaya mkati mwa mlomo, sikawawa, mukakankha kamatuluka mosavuta. Zimenezo sizoopsa, zimathandizanso kuti kasamakhule nkhama. Koma ngati kakumira, pakuwawa, nyama yayamba kuphimba mmphepete mwake, kapena kampira kakunja nako kakubonyeza khungu, ndiye kuti kandodo kafupika. Pitani kwa woboola lero lomwe akaike kakatali. Mkamwa mumapola msanga kwambiri, nyama ikhoza kutseka pamwamba pa kambale mmasiku ochepa, ndipo zikatero ndi adokotala okha angacheke kuti katuluke.

Patuluka kachotupa pambali pa bowo, ndi keloid?

Zambiri mwa izi si keloid, ndi khungu limene lakwiya chabe. Fufuzani chikulikwiyitsa: ndolo yaitali, chitsulo chosayenera, kugonera pamenepo, kuseweretsa, kutsuka mopyola muyezo. Mukachotsa choyambitsa, kachotupa kamaphwa kokha mmasabata angapo. Musakaboole ndi singano, musakafinye.

Keloid yeniyeni ndi chipsera cholimba chimene chimakula kupitirira malire a bala ndipo sichiphwa chokha. Imayenda mmagazi a banja ndipo imapezeka kwambiri mwa anthu akhungu lakuda. Ngati munachitapo keloid pakhutu kapena pa bala lina, kambiranani ndi dokotala wa khungu, ndipo kachotupa kakamangokulirakulira pitani msanga kasanakule.

Ndingavule kwa maola ochepa chifukwa cha ntchito kapena kuchipatala?

Lisanapole, ayi. Bowo latsopano la pamlomo limayamba kufota pa mphindi zochepa chabe, ndipo ngakhale la zaka limatha kutseka mkati pa tsiku limodzi. Ngati kuntchito salola, woboola akhoza kukuikani retainer, kandodo kosungira bowo kuti lisatseke, yagalasi yosaonekera patali, kapena kamutu kakang'ono kafulati. Ku MRI, makina ojambula mthupi ndi maginito, kapena ku opaleshoni, auzeni achipatala nthawi ikadalipo kuti muli ndi ndolo ndipo ndi ya chitsulo chakuti. Titanium sikokedwa ndi maginito, komabe akanena kuti ichoke mverani, konzani retainer pasadakhale.

Ndameza kampira, zindipweteka?

Kampira kapena kambale kosalala kamadutsa mmimba nkutuluka ndi chimbudzi pakapita masiku ochepa. Mukamva kuwawa mmimba, kapena mwameza chosongoka, kaonaneni ndi adokotala. Ngati mwatsamwa, mukutsokomola kapena kupuma kukuvuta, mwina kalowa njira ya mpweya, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Khalani ndi kampira kapadera koyera kuti ndolo isagwe bowo nkutseka.

Lipisitiki, mafuta a pamlomo ndi kumeta ndevu?

Zodzola zonse zikhale kutali ndi bowo mpaka lipole, kuphatikizapo paudala ndi mafuta a kumaso. Pa vertical labret lipisitiki dikirani kaye popeza bowo lili pamlomo penipeni. A ndevu, metani mozungulira mosamala, thovu lometera ndi aftershave zisafike pachilonda, ndipo tsitsi likazengereza pa ndolo lichotseni pofewetsa ndi saline.

Ndili ndi matenda ena, pali chosiyana kwa ine?

Ngati muli ndi shuga, chitetezo cha mthupi chotsika, vuto la mavavu a mtima, kapena mukumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi kapena isotretinoin wa ziphuphu, uzani adokotala anu kuti mwaboola, bola mukanawafunsa musanaboole koma ngakhale pano sizinachedwe. Kupola kumatha kuchedwa, ndipo kwa a vuto la mtima majeremusi a mkamwa akalowa mmagazi akhoza kukafika ku mtima. Amene mumatuluka timatuza ta herpes pamlomo, kuboola kumatha kutidzutsa, tikatuluka pafupi ndi bowo funsani mankhwala ake msanga ndipo musamakhudze tuza kenako nkukhudza ndolo. Ngati munabooledwa ndi mfuti yoboolera makutu kapena singano imene simunaone ikutsegulidwa mpaketi yatsopano, kayezetseni hepatitis B, hepatitis C ndi HIV, achipatala akuuzani nthawi yoyenera kuyezanso.